Dzina la Mlendo: Mbiri ya Kamasuliridwe ka Maina m'Chichewa ndi Vuto la Zinenero Zopeka

1. Mau Oyamba

Pamene ndinali pa maphunziro kunja kwa dziko lino, mnzanga wina anandibwereka buku la J. R. R. Tolkien lotchedwa The Lord of the Rings, limene linasindikizidwa koyamba m'zaka za 1954 ndi 1955. Pa tsamba loyamba lomwe ndinakumana ndi dzina loti Shire. Ndinaliwerenga monga mmene Mmalawi aliyense angaliwerengere, ndipo m'maganizo mwanga munabwera mtsinje wathu uja, kutentha kwa ku Chikwawa ndi minda ya nzimbe ya ku Nchalo. Panapita masamba angapo ndisanazindikire kuti mlembiyo ankanena za dera lozizira la alimi, ndi kuti anangotenga liu lakale la Chingerezi lotanthauza chigawo cha dziko, limene timaliona kumapeto kwa maina ngati Yorkshire. Kulakwitsa kwangako kunali kwakung'ono, koma kunandionetsa kuti dzina lachilendo likalowa m'khutu la munthu wolankhula Chichewa limatola tanthauzo, ngakhale mwini wake sanafune kuti litero.

Nkhani zamtundu wa Tolkien, zochitika m'maiko ongopeka, zili ndi vuto lakelake pozimasulira. Ambiri mwa anthu ake ali ndi maina ochokera m'zinenero zimene palibe mtundu wa anthu umene unazilankhulapo, chifukwa anazipanga ndi mlembi yemweyo. Kodi womasulira nkhani yotere m'Chichewa achite nawo chiyani maina amenewa? M'nkhani ino ndifuna kusonyeza kuti funsoli lili ndi mbiri yake. Kwa zaka zoposa 130 Chichewa cholembedwa chakhala chikulandira maina a alendo, ndipo chachita zimenezi m'njira zitatu: kutsata kamvekedwe, kutsata tanthauzo, ndi kutcha mlendo dzina latsopano. Tikaona phindu ndi mtengo wa njira iliyonse, tidzatha kuona chimene chingatithandize pa maina a zinenero zopeka.

Pa zitsanzo zambiri nditsamira pa chigwa cha Kasungu, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, Dr. H. Kamuzu Banda, amene anapereka zitsanzo za chinenero kwa Mark Hanna Watkins polemba A Grammar of Chichewa ya mu 1937, anali wa ku Kasungu, ndipo pamene Chinyanja chinatchedwa Chichewa ndi kukhala chinenero cha fuko mu 1968, iye ankaona kalankhulidwe ka kwao ngati muyeso. Chachiwiri, minda ikuluikulu ya fodya itachuluka m'zaka za 1970, kunabwera matenanti ndi antchito ochokera m'maboma ena, olankhula Chilomwe ndi Chiyao, kudzaonjezera pa Achewa ndi pa olankhula Chitumbuka a kumpoto kwa bomalo. Motero wowerenga wa ku Kasungu amamva dzina ndi makutu a zinenero zingapo.

2. Njira Yoyamba: Kutsata Kamvekedwe

Ntchito yaikulu yoyamba yolandira maina achilendo m'chinenero chathu inali yomasulira Baibulo. M'chaka cha 1900 amishoni a mipingo yosiyanasiyana anagwirizana zopanga Baibulo limodzi la Chinyanja loti lizimveka ku Blantyre ndi ku Mvera komwe. Anatsogolera ntchitoyi ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo Buku Lopatulika linasindikizidwa mu 1922. Omasulirawo anakumana ndi maina mazanamazana a Chihebri ndi Chigriki, zinenero zimene kwa mlimi wa ku Dowa kapena ku Kasungu zinali zosamveka chimodzimodzi ndi zopeka.

Lamulo limene anatsata linali lotenga kamvekedwe ka dzina ndi kuliumba kuti likwanire m'kamwa mwa mwini dziko. Popeza phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liu, iwo anaonjezera lembo lotere kumapeto kwa dzina: Abrahamu, Davide, Isake, Yerusalemu. Koma lamuloli sanafike nalo patali. M'kati mwa maina ena anasiya malembo opanda liu atagundana, monga mu Petro, Marko ndi Aigupto. Anthu ndiwo anatsiriza ntchitoyo pakamwa, kotero kuti m'midzi timamva Petulo ndi Maliko.

Phindu la njira imeneyi ndi loonekeratu. Dzina limakhalabe la mwini wake, ndipo Mchewa akakumana ndi Mswahili kapena Mngerezi amazindikira kuti akunena za munthu mmodzi. Mtengo wake ndi wakuti tanthauzo limatsalira m'mbuyo. Dzina la Isake limachokera ku liu la Chihebri lonena za kuseka, ndipo nkhani ya kubadwa kwake yadzaza ndi kuseka, koma wowerenga Chichewa sangaone kugwirizanako. Dzina la Petro m'Chigriki limamveka pafupi ndi liu lotanthauza thanthwe, pamene kwa ife Petro ndi thanthwe ndi mau awiri osadziwana. Alembi a Chipangano Chatsopano anali atakumana kale ndi vuto lomweli, ndipo nthawi zina ankalemba dzina lachilendo nalitanthauzira pomwepo, monga anachitira ndi Emanuele, Gologota ndi Barnaba.

Tizindikirenso kuti kutsata kamvekedwe kumadzutsa funso lina, lakuti ndi kamvekedwe ka yani. Aigupto wa mu 1922 anachokera ku Chigriki. Buku Loyera la mu 1998, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira pamodzi, linalemba Ejipito, potsata Chingerezi chimene ana anali atazolowera kusukulu. Pa dzina la Mulungu la m'Chipangano Chakale, limene Buku Lopatulika linalemba Yehova ndipo Malembo Oyera a Akatolika a mu 1966 analemba Yahve, omasulira a mu 1998 anasiya njira ya kamvekedwe ndi kusankha dzina lathu lakale, Chauta. Apa tiona kuti ngakhale m'buku limodzi njira imodzi sikwanira.

3. Njira Yachiwiri: Kutsata Tanthauzo

Buku lina limene amishoni analikonda kwambiri ndi The Pilgrim's Progress la John Bunyan, la mu 1678, limene kwathu kuno timalidziwa ndi dzina loti Ulendo wa Mkhristu. Isabel Hofmeyr anasonyeza mu 2004 kuti bukuli linamasuliridwa m'zinenero pafupifupi 80 za mu Afirika. Ndilo buku loyandikana kwambiri ndi nkhani za maiko opeka mwa mabuku onse amene makolo athu anawerenga, pakuti muli zimphona, zilombo, ndi mizinda yosapezeka pa mapu alionse. Anthu ake ali ndi maina onena makhalidwe ao, monga Faithful, ndiye kuti wokhulupirika, ndi Hopeful, ndiye kuti wachiyembekezo. Dzina lotere kungolitengera kamvekedwe kungaphe nkhani yonse, chifukwa phunziro lagona m'dzinamo. Womasulira alibe kuchitira mwina koma kutanthauzira.

Njira imeneyi inapeza nthaka yolimidwa kale. Pakati pa Achewa dzina limalankhula. Mavuto, Masautso, Chisoni ndi Ndaziona ndi maina osunga mbiri ya zimene banja linaona pamene mwana ankabadwa. Limbani ndi Kondwani ndi mau olankhula kwa abale. M'nthano zathu Kamdothi ndi mwana woumbidwa ndi dothi, ndipo womvera amadziwiratu kuti mvula ikagwa zinthu zivuta. Mayi wa kachisi wa ku Msinja ankatchedwa Makewana. Anthu aafupi a m'mbiri yakale anapatsidwa dzina loti Amwandionerapati, limene ndi chiganizo chathunthu chofunsa funso. Maina awiri a Dr. Banda akuonetsa mitundu iwiriyi pa munthu mmodzi: Hastings ndi dzina lotsekeka kwa Mchewa, pamene mu Kamuzu aliyense amamva muzu waung'ono.

Ndi bwino tione zimene zinachitika pamene maina athu ankapita ku Chingerezi. Buku la Samuel Josiah Ntara lotchedwa Nthondo linatuluka mu 1933, ndipo T. Cullen Young analimasulira mu 1934 ndi mutu woti Man of Africa. Buku lina la Ntara, lonena za mfumu Msyamboza, linatuluka m'Chingerezi mu 1949 ndi mutu woti Headman's Enterprise. Kawiri konse dzina la munthu linachotsedwa pachikuto, ndipo m'malo mwake munalowa mau ofotokoza gulu la munthuyo. Patapita zaka, Steve Chimombo anachita zosiyana. Polemba ndakatulo zake m'Chingerezi anasiya dzina la Napolo monga liliri, ndipo wowerenga wakunja anayenera kuliphunzira. Kusankha kumasulira dzina kapena kulisiya kumasonyeza amene womasulira afuna kuti avutike, wowerenga kapena mwini dzina.

4. Njira Yachitatu: Kutcha Dzina Latsopano

Njira yachitatu inayambira m'midzi, m'misika ndi m'malo a ntchito, kutali ndi mabuku. Mlendo akafika, anthu ankamuyang'anitsitsa ndi kumutcha dzina laolao. Chitsanzo chodziwika ndi cha John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampani ya African Lakes imene inayamba mu 1878. Chifukwa cha magalasi amene ankavala anatchedwa Mandala, ndipo dzinalo linafalikira kwa kampani yonse ndi kwa malo ake ku Blantyre.

Gule wamkulu anachita zoposa apa. Amishoni atafika ndi nkhani zao, kudambwe kunatuluka zilombo zatsopano zokhala ndi maina ochokera m'nkhani zomwezo, monga Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden analemba mu 1972 za mkangano wa pakati pa nyau ndi mishoni za Katolika, ndipo Claude Boucher wa ku Mua anasonkhanitsa zambiri za zilombo zimenezi m'buku lake la mu 2012. Kwa ife a zinenero mfundo ndi yakuti kamvekedwe ka dzina kanasungidwa, koma khalidwe la mwini dzina linaumbidwanso kuti ligwire ntchito ya pabwalo. Simoni wa m'gule sakumbutsanso za usodzi wa ku Galileya.

Mau a ulimi wa fodya akuonetsanso luso lomweli. Fodya wotchedwa burley anasanduka bale, ndipo mtolo wotsinda umene Angerezi amautcha bale unasanduka belo. Palibe bungwe limene linakhala pansi kusiyanitsa mau awiriwa. Anawasiyanitsa ndi alimi eni ake m'zigafa ndi kumsika wa okushoni. Pamene liu lathu linalipo, monga chikopa kapena chigafa, analigwiritsa ntchito. Masiku ano olowa m'malo a njira imeneyi ndi anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa, amene ntchito yao imaonetsedwa m'malo a malonda m'dziko lonse lino, ndipo nthawi zambiri amatcha anthu a m'filimu maina aoao oseketsa. Njirayi ili ndi moyo, koma pa ntchito ya buku ili ndi choopsa chake, pakuti imaika nzeru za womasulira pamwamba pa cholinga cha mlembi.

5. Malangizo a Tolkien kwa Omasulira

Tolkien anali katswiri wa mbiri ya zinenero ku Oxford, ndipo sanakondwere ndi mmene maina ake anasinthidwira m'Chidatchi cha Max Schuchart cha mu 1956 ndi 1957 ndiponso m'Chiswidi cha Åke Ohlmarks cha mu 1959 mpaka 1961. Chifukwa cha ichi, cha m'ma 1966 ndi 1967 analemba malangizo kwa omasulira, amene anasindikizidwa mu 1975, iye atamwalira.

Maziko a malangizowo ndi bodza lochenjera limene lili m'bukumo. Tolkien amadzionetsa ngati womasulira mbiri yakale yolembedwa m'chinenero cha anthu wamba chotchedwa Westron, ndipo akuti maina a chinenero chimenechi anawatembenuzira m'Chingerezi kuti amveke achikwathu kwa wowerenga. Mwachitsanzo, Samwise dzina lake lenileni akuti linali Banazîr. Maina a zinenero zina zopeka, monga Sindarin ndi Quenya, anawasiya osamasulira kuti akhale achilendo. Motero lamulo lake linali lakuti dzina lomveka kwa Mngerezi limasuliridwe, ndipo dzina lotsekeka kwa Mngerezi lisiyidwe. Margaret Carroux anatsata malangizowa m'Chijeremani mu 1969 ndi 1970, ndipo Baggins, dzina lokumbutsa thumba, linakhala Beutlin. M'Chifalansa linakhala Sacquet, kenaka Bessac m'kumasulira kwatsopano. Pa dzina la Shire, Tolkien anatchula liu la Chijeremani loti Gau, nachenjeza kuti mwina linaipitsidwa ndi ulamuliro wa Hitler. Carroux analemba Auenland.

Titati tiyese mbali yoyamba ya lamuloli m'Chichewa, tipeza kuti chinenero chathu chili ndi zida zokwanira. Baggins angakhale Kathumba, dzina lomveka ngati la mnansi wa m'mudzi, ndipo mphatikiram'mbuyo ka- akugwirizana ndi msinkhu wa mwini wake. Strider, dzina lonyodola limene anthu anapatsa Aragorn chifukwa cha kayendedwe kake, lingakhale Mponyaphazi. Shelob, kangaude wamkulu wamkazi amene dzina lake linapangidwa ndi liu lonena wamkazi ndi liu lakale lonena kangaude, angakhale Nakangaude, popeza na- timamumva mu Nabanda ndi Naphiri, ndiponso m'maina a tizilombo ngati nalimata ndi namzeze.

Komabe kusankha kulipo. Anthu a ku Shire amalima fodya, ndipo fodya wao wotchuka amatchedwa ndi dzina la malo, Longbottom, kutanthauza chigwa chachitali. Liu lolunjika ndi chigwa, koma mlimi wa ku Kasungu, amene amafesa nazale yake pafupi ndi madzi a m'dambo mvula isanagwe, angamve bwino Dambolalitali. Pa Shire penipeni, dzinali sitingalisiye chifukwa cha mtsinje wathu. Liu loti boma lili ndi vuto lofanana ndi la Gau, pakuti limakumbutsa msonkho, apolisi ndi bwanamkubwa, pamene dera la m'nkhaniyo ndi la anthu odzilamulira okha popanda boma lamphamvu. Liu loti mzinda, limene kale linkanena mudzi wa mfumu yokhala ndi ufulu wochititsa chinamwali ndi gule, lero ambiri amamva Lilongwe kapena Blantyre. Mwina liu lozizira loti Chigawo ndilo lingapulumuke.

6. Pamene Malangizowo Aperewera

Vuto lenileni lili pa mbali yachiwiri ya lamulo, yakuti dzina lotsekeka lisiyidwe. Tolkien ankaganiza za owerenga a ku Ulaya. M'Chichewa phatikizo loyamba la dzina limanyamula katundu wolemera, chifukwa ndi pamene timazindikirira gulu la dzinalo, ndipo khutu lathu linazolowera kufuna tanthauzo pamenepo. Nazgûl ndi mizukwa yoopsa kwambiri m'nkhani yonse, koma tikaliumba dzinalo mwa njira ya Baibulo likhala Nazigulu, limene limveka ngati la mayi wa pamudzi. Dzina lenileni la Merry akuti linali Kalimac, lofupikitsidwa Kali, kutanthauza wansangala. Kwa ife kali ali pafupi ndi ukali. Moria, ndiye kuti dzenje lakuda m'Chisindarin, tikamulemba Moriya wowerenga adzakumbuka kumene Abrahamu anapita ndi Isake, chikhalirecho Tolkien anakana m'kalata ya mu 1967 kuti maina awiriwa ali pachibale. Gondor, ufumu wolemekezeka, tikamulemba Gondolo tayandikira kwambiri muzu uja wa gondolosi.

Kalembedwe nakonso kali ndi mbiri yake. Tolkien analongosola kuti lembo la c m'maina ake lizitchulidwa ngati k nthawi zonse, kotero kuti Celeborn ndi Keleborn. Koma Buku Lopatulika la mu 1922 linkalemba c pamene ife lero timalemba ch, ndipo abale athu a ku Chipata ndi ku Lusaka amalembabe Cinyanja. Wowerenga wotere adzatchula Cheleborn, ndipo tenanti wochokera ku Machinga adzamva Che Leborn, ndi che waulemu wa Chiyao.

Pali chifukwa chinanso chopewera kuumba dzina lililonse palokha. Zinenero za Tolkien zili ndi matsinde obwerezabwereza. Mor ndi mdima kapena kuda, ndipo amapezeka mu Mordor, Moria ndi Morgul. Dor ndi dziko, ndipo amalumikiza Gondor ndi Mordor, maiko awiri odana. Wowerenga watcheru amayamba kuona ubale umenewu popanda womuuza, ndipo ndi mbali ya kukoma kwa bukulo. Tikalemba Modo apa ndi Moriya apo, ubalewo watha.

Chinthu chimene Chingerezi chimalola mlembi kubisa, koma Chichewa chimakakamiza womasulira kuulula, ndicho gulu la dzina. Tolkien anaumirira kuti liu loti hobbit lisasinthidwe, ndipo anaipidwa ndi Hompen wa Chiswidi wa mu 1947. Ife tikalisunga, tiyenerabe kusankha. Ahobiti ndi anthu anzathu, tihobiti ndi tinthu tochepetsedwa, zihobiti ndi zilombo. Omasulira Baibulo anakumana ndi kusankha komweku, ndipo anaika angelo ndi akerubi m'gulu la anthu, ziwanda m'gulu la zinthu. Pa zolengedwa zoipa zotchedwa orc kusankhaku n'kolemera, chifukwa Tolkien mwini anavutika mpaka ukalamba wake ndi funso la chiyambi ndi chikhalidwe chao. Mgwirizanitsi mmodzi wa Chichewa amayankha funso limene mlembi analisiya lotseguka. Tichenjerenso ndi chiyeso chotcha anthu aafupi a m'nkhani zotere Akafula, pakuti Akafula anali anthu enieni, amene akatswiri amawagwirizanitsa ndi zina mwa zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza.

Pa mfundo imodzi Chichewa chimaposa Chingerezi. Tolkien analemba kuti Westron inkasiyanitsa mlowam'malo wachizolowezi ndi waulemu, koma ahobiti anali atataya waulemuwo, kotero kuti Pippin atalankhula ndi Denethor, wolamulira wa Gondor, mwachizolowezi, anthu a mumzindawo anaganiza kuti ndi mwana wa mfumu. Chingerezi cha lero sichikanatha kuonetsa zimenezi, ndipo mlembi anangozifotokoza kumapeto kwa buku. Ife tili ndi iwe ndi inu, tilinso ndi a waulemu patsogolo pa dzina. Sam, wantchito wa m'munda, anganene a Frodo, ndipo Pippin akati iwe kwa Denethor, wowerenga aliyense adzagwira pakamwa monga anachitira anthu a mumzindamo.

7. Mau kwa Olinganiza za Chinenero

Bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene anakonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Limodzi mwa malamulowo ndi lakuti r alembedwe pambuyo pa e ndi i, ndipo l alembedwe m'malo ena onse, monga mu mbiri, kulera ndi bwalo. Lamuloli limayenda bwino pa mau athu, chifukwa kwa ife l ndi r sasiyanitsa tanthauzo. M'zinenero za Tolkien amasiyanitsa. Tikakakamiza lamuloli pa maina ake tidzapeza Fulodo ndi Alagoni, ndipo ar wa ulemerero amene amalumikiza Aragorn, Arathorn ndi Arwen adzasowa.

Poona mbiri yonseyi, ndipereka maganizo anai kuti anzanga awaunike. Choyamba, womasulira asanakhudze dzina afunse chimene dzinalo linkachita kwa wowerenga woyamba. Ngati linkamveka, limasuliridwe ndi zida zathu zopangira maina. Iyi ndi njira ya Bunyan. Chachiwiri, dzina la chinenero chopeka lisungidwe m'kalembedwe ka mlembi, lisagwe pansi pa lamulo la l ndi r, ndipo kumapeto kwa buku kuikidwe tsamba losonyeza katchulidwe. Mbiri ya Petro ndi Petulo yatiphunzitsa kuti pakamwa padzaumba dzina m'nthawi yake popanda kulamulidwa, pamene zolembedwa zikasintha n'zovuta kuzibwezera. Chachitatu, dzina lililonse liwerengedwe mokweza pamaso pa anthu a zinenero zingapo buku lisanasindikizidwe, ndipo pamene lagundana ndi liu lathu m'njira yosokoneza, monga Shire, womasulira aloledwe kupatuka, malinga alembe chifukwa chake. Malo ngati Chinkhoma kapena Nkhamenya, kumene Mchewa, Mtumbuka, Mlomwe ndi Myao amakumana pa nyengo yogulitsa fodya, angatiuze zambiri kuposa chipinda cha msonkhano. Chachinai, gulu la dzina la mtundu uliwonse wa zolengedwa lisankhidwe kamodzi ndi kusungidwa m'buku lonse.

8. Mau Otsiriza

Wina angafunse ngati nkhani imeneyi ndi yoyenera kutayirapo nthawi pamene ana ambiri akusowa ndi buku la sukulu lomwe. Yankho langa ndi lakuti ntchitoyi inayamba kale popanda ife. Mafilimu atatu a The Lord of the Rings anatuluka pakati pa 2001 ndi 2003, ndipo nkhani zamtundu umenewu achinyamata akuzipeza pa lamya zao. Alembi athu nawonso ayamba kupeka maiko aoao, monga Shadreck Chikoti mu Azotus the Kingdom ya mu 2015, ndipo tsiku lina mabuku otere adzafuna kumasuliridwa. Kuchokera pa Buku Lopatulika kufika pa Buku Loyera panapita zaka 76, ndipo m'zaka zambiri za nthawi imeneyo Akhristu a mudzi umodzi ankatchula maina a m'Baibulo mosiyana, malinga ndi tchalitchi chimene ankapempherako. Chisokonezo chotero tingachipewe ngati omasulira, osindikiza mabuku ndi aphunzitsi a chinenero atagwirizana mfundo zochepa ntchito isanakule. Maganizo anai ndaperekawa ndi poyambira chabe, ndipo ndidzakondwera kumva kwa anzanga a ku Zambia ndi ku Mozambique, amene kalembedwe kao kangaonetse zovuta zina zimene sizioneka kuchokera ku Kasungu.